MUNASWERA KUTI? MAU A AROMA AKALE NDI FUNSO LA WAPOLISI

Munthu wocoka mu mzinda wa Lusaka kulowera kum'mwera, atatsata mseu waukulu wa ku Kafue, asanafike ku Chilanga amapeza njira yopatukira ku Lilayi. Kumeneko ndiko kuli sukulu yaikulu ya apolisi, imene yakhala pamalopo kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1950, dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia. Makolo ambiri a ku Katete, ku Petauke, ku Chadiza ndi ku Chipata amalidziwa bwino dzina la Lilayi, pakuti ana ao anapita kumeneko ndi kasutikesi kamodzi, nabwerako atavala yunifomu. Kuyambira m'masiku a atsamunda Cinyanja ndico cinali cilankhulo ca apolisi, kotero kuti Mlozi, Mtonga ndi Mbemba amene analowa nchitoyo anali kuciphunzira pamodzi ndi perete.

Koma perete si phunziro lokha la ku Lilayi. Wapolisi ayenera kudziwa malamulo a dziko, ndipo malamulowo analembedwa m'Cingelezi. M'kati mwa Cingelezi ca m'mabuku a malamulo muli mau ena acilendo amene si a Angelezi konse, koma a Cilatini, cilankhulo ca Aroma akale. Ena mwa mauwa amamveka ngakhale pa wailesi. Boma likaleka kuimba munthu mlandu, atolankhani amati laika nolle prosequi, ndiko kuti "kusafuna kupitiriza". Nyumba ya Malamulo ikatseka zokambirana popanda kuchula tsiku lodzakumananso, amati yatseka sine die, "popanda tsiku". Ndipo pali mau ena afupi amene wofufuza milandu aliyense amakumana nao, ndiwo alibi, kutanthauza "kwina". Woimbidwa mlandu akanena kuti pa nthawi imene coipaco cinacitika iye anali kwina, ndiye kuti wapereka alibi.

Motero nchito yaikulu ya wofufuza imagona pa funso lalifupi limene ngakhale mwana angalimve: tsiku lija munaswera kuti, ndipo usiku wake munagona kuti? Aroma anali ndi mau aoao onenera zimenezi, ndipo mwa onsewo amene ayenera kuyang'anitsitsidwa ndi akuti degere.

MAU OCOKERA KUBUSA

Degere ali m'gulu la mau amene aphunzitsi amawacha aneni, ndiwo mau oonetsa kucita. Mabuku otanthauzira mau a Cilatini amati degere ndiko kutha nthawi, kukhala moyo, kapena kupyola m'nyengo yakutiyakuti. Aroma a masiku a Julius Caesar anali kuchula "ge" wa pakatiyo monga m'mau akuti "geni", koma m'machalichi anazolowera kumuchula monga "je", ndiye cifukwa cake wansembe wokalamba angamveke akuti "dejere". Cinyanja cimaonetsa mwini kucita patsogolo pa mneni: ndi-khala, u-khala, a-khala. Cilatini cimamuonetsa kumapeto: dego ndi ine, degis ndi iwe, degit ndi iye, degimus ndi ife, degitis ndi inu, degunt ndi iwo. Ponena za kale mabuku amapereka degi, koma mau amenewo sapezeka kawirikawiri m'zolembedwa za Aroma.

Cokondweretsa ndi kumene mauwa anacokera. Degere ndi mau awiri amene analumikizana, de ndi agere, monga momwe "ndi" ndi "iwe" amasandukira "ndiwe" m'kamwa mwa wolankhula. Tanthauzo loyamba la agere silinali la m'ofesi kapena la m'khoti ai. Linali la kubusa: kukusa ziweto, kuziyendetsa uli pambuyo pao. Mlimi aliyense amene analimapo ndi ng'ombe adziwa kuti pagoli pamakhala nchito ziwiri zosiyana. Pali mwana amene amagwira cingwe natsogolera, ndipo pali wamkulu amene amatsata pambuyo ndi pulawo ndi mkwapulo. Aroma nao anasiyanitsa ziwirizi. Kutsogolera uli patsogolo anati ducere, ndipo mau amenewa ndiwo gwero la dzina la kondakitala wa m'basi. Kukusa uli pambuyo anati agere, ndipo m'kupita kwa zaka mauwa anakula nayamba kutanthauza kucita cinthu ciriconse. Ajenda imene mlembi amawerenga pa msonkhano wa kopaletivu inacokera pomwepo, pakuti agenda ndi "zinthu zoyenera kucitidwa". Lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo, limene m'Cingelezi amati Act, nalonso ndi mdzukulu wa agere.

Kacidutswa kakuti de kamaonjeza ganizo la kucita cinthu mpaka kucifikitsa kumapeto. Tsono degere, akamasuliridwa monga mwa mizu yake, ndiko kukusa masiku monga mbusa akusa ng'ombe kuyambira potsegula khola m'mawa kufikira potseka madzulo. Munthu sali ciimire kuonerera nthawi ikudutsa. Iye ali pambuyo pake, ndipo ndiye aiyendetsa. Ponena za nthawi imene ingodzipitira yokha, monga madzi a mu Luangwa, Aroma anali ndi mau ena, monga praeterire, "kupitirira". Ophunzira Cilatini amaphonya pamenepa kawirikawiri, nalemba degere pofuna kunena kuti caka capita. Caka sicingacite degere. Wocita degere ndi munthu, ndipo caka ndico cimene iye akukusa.

Kagwiritsidwe nchito kake n'kosavuta kukamvetsa. Pafupi ndi degere pamakhala dzina la nthawi imene ikunenedwayo: vitam, moyo, aetatem, zaka za munthu, diem, tsiku, senectam, ukalamba. Ndipo kawirikawiri pamabweranso mau onena malo, kapena mkhalidwe, kapena anthu amene munthuyo ali nao. Puer diem in agro degit, ndiko kuti mnyamata aswera kumunda. Avus vitam ruri degit, agogo aamuna akhala moyo wao kumudzi. Filia cum matre aetatem degit, mwana wamkazi atha zaka zake ali ndi amai ake. Mauwa paokha satamanda munthu ndipo samdzudzula. Munthu angathe kucita degere m'cimwemwe kapena m'misozi, m'cuma kapena m'umphawi, kwao kapena kucilendo. Cimene amafuna ndi cakuti wolankhulayo anene kuti zinali kuti ndipo zinali motani. M'zaka za pambuyo alembi anayamba kusiya dzina la nthawi lija, nalemba degit yekha, kutanthauza kuti munthuyo akhala kwakutikwakuti.

Mmodzi wa alembi oyambirira amene anagwiritsa nchito mauwa anali mwana wa mu Africa. Terence anabadwira ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, natengedwa ukapolo kunka ku Roma, kumene mbuye wake anamphunzitsa ndi kummasula. Dzina lake lomaliza linali Afer, ndiko kuti "wa ku Africa". M'sewero lake la abale awiri, limene linaonetsedwa m'caka ca 160 Yesu asanabadwe, muli mnyamata amene alakalaka kuti atate ake asabwere msanga kuti iye aswere tsiku lonse m'zokondweretsa, ndipo mneni amene ali pamenepo ndi degere. Mlakatuli Horace, amene anamwalira m'caka ca 8 Yesu asanabadwe, anaika mneni yemweyo pafupi ndi ukalamba, popempha kuti masiku ake a imvi asadzakhale ocititsa manyazi. Mnyamata wa tsiku limodzi ndi nkhalamba yoyang'ana kumanda onse anakwanira m'mau amodzimodzi.

MLANDU WA MLIMI WA KU AMERIA

Koma malo amene degere amveka ndi mphamvu koposa ndi m'bwalo la milandu, pa nkhani imene anthu a m'midzi ya kuno angaizindikire msanga, cifukwa ndi nkhani ya kulanda cuma ca masiye.

M'caka ca 81 Yesu asanabadwe, munthu wina wolemera wochedwa Sextus Roscius anaphedwa usiku m'mseu wa mu Roma pocokera kukadya kwa anzake. Kwao kunali ku Ameria, tauni yaing'ono imene lero ichedwa Amelia, ndipo kumeneko anali ndi mafamu 13. Mwana wake, amene dzina lake linali Sextus Roscius yemwenso, ndiye anali kuyang'anira mafamuwo. Anali munthu wa zaka zoposa 40, wozolowera khasu ndi ziweto, wosakonda za m'tauni. Masiku amenewo Roma anali m'manja mwa Sulla, wolamulira wankhanza amene anali kupacika poyera maina a adani ake kuti aphedwe ndi kuti cuma cao cigulitsidwe. Abale awiri a malemuyo anapangana ndi Chrysogonus, kapolo womasulidwa wa Sulla amene anali ndi mphamvu zambiri, naika dzina la wakufayo pa mndandanda wa adani, ngakhale kuti nthawi yolembera mainayo inali itatha kale. Cuma ca ndalama za Ciroma 6,000,000 cinagulidwa ndi Chrysogonus pa 2,000 cabe. Mwanayo anapirikitsidwa pakhomo pa atate ake wopanda kanthu m'manja.

Olandawo sanakhutire. Poopa kuti tsiku lina mwini cuma adzadandaula, anamuimba mlandu wakuti ndiye anapha atate ake. Cilango ca mlandu wotero cinali coopsa: wolakwayo anali kusokeredwa m'thumba lacikopa ali moyo ndi kuponyedwa m'madzi. Akuluakulu odziwa kulankhula m'khoti anaopa Sulla, ndipo amene anaimirira kuteteza mlimiyo m'caka ca 80 anali mnyamata wa zaka 26, dzina lake Marcus Tullius Cicero.

Mlandu wonse unazungulira pa funso la kumene munthu anathera masiku ake. Woneneza, Erucius, anati kukhala kwa Roscius kumafamu kunali cizindikilo cakuti atate ake anali kumuda, ndipo anamtaya kuchire monga munthu wosafunika. Anafuna kuti oweruza aone moyo wa kumudzi ngati cilango, ndi munthu wa kumudzi ngati cilombo cimene cingaphe kholo lake. Cicero anatembenuza mkondowo. Anakumbutsa oweruza kuti makolo a Aroma anali kutenga atsogoleri ao kucokera pa pulawo, ndi kuti tate sapatsa mafamu ake kwa mwana amene amuda. Pambuyo pake anafika pa cimene lero cichedwa alibi. Kupha kunacitikira ku Roma, pamene Roscius anali ku Ameria. Amene anali ku Roma anali mmodzi wa abale olanda aja. Ndipo mthenga amene anathamanga usiku womwewo mamailosi 56 a Ciroma, ndiwo makilomita oposa 80, sanapite ndi uthenga wa maliro kwa mwana wa malemu, koma kwa mbale winayo, amene pambuyo pake analandira mafamu atatu.

Cakumapeto kwa mau ake Cicero ananena cimene mlimiyo anali kupempha. Sanali kulimbira mafamu. Anali kupempha kuti, popeza ndi wosalakwa, amlole kukhala ndi moyo, ngakhale moyowo ukhale waumphawi wodalira cithandizo ca abwenzi. Mneni amene Cicero anasankha pamenepo ndi degere. Kusankhako kunali kwanzeru, pakuti oweruza anamva m'mauwo munthu amene kale anali kukusa ng'ombe zake, ndipo tsopano watsala ndi masiku ake okha oti akuse. Roscius anapezeka wosalakwa, ndipo dzina la Cicero linamveka mu Roma monse kuyambira tsiku limenelo.

Dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo loteteza cuma ca masiye m'caka ca 1989. Munthu akamwalira wosasiya wilo, lamulolo limapatsa ana magawo 50 mwa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala magawo 20, makolo magawo 20, ndi ena amene anali kudalira malemuyo magawo 10. Amai amasiye amene anaonapo acibale akunyamula mipando maliro asanathe sangafune womasulira kuti amve nkhani ya ku Ameria.

CINYANJA SICIPEREWERA

Degere sanali yekha. Aroma pofuna kudzudzula munthu wotaya nthawi anali kunena tempus terere. Terere ndiko kupera kapena kupuntha, monga mai apera mawere pamphero, kotero kuti waulesi anali kuoneka ngati munthu amene akupera tsiku mpaka lisanduke fumbi. Kugona usiku wonse pamalo ena anati pernoctare, ndipo kukhala maso mpaka kuca anati pervigilare. Asilikali akamanga misasa kuti apyole nyengo yozizira anati hiemare. Mau aliwonse anali ndi malo ake, ndipo wolankhula bwino sanali kuwasokoneza.

Ena amaganiza kuti kusiyanitsa kotere n'kwa zilankhulo za m'mabuku zokha. Amenewo sanachere khutu ku moni wa kumudzi. Cimene Mroma anali kucinena ndi mau awiri, diem degere, Cinyanja cimacinena ndi mau amodzi: kuswera. "Mwaswera bwanji?" ndi funso la tsiku lathunthu, ndipo silifunsidwa m'mawa. Ena amati "Mwatandala bwanji?", ndipo mu Lusaka ndi m'madera ena a Kum'mawa mumamveka "Mwacoma bwanji?" Usiku uli ndi aneni akeake. Kugona kwakutikwakuti ndiko kukhala komweko mpaka m'mawa, monga pernoctare. Kucezera ndiko kukhala maso mpaka tambala alire, monga pervigilare, ndipo ndiko kumene kumacitika pa gule, pa maliro, ndi pamene mai ali ndi mwana wodwala pamiyendo. Ngakhale cakudya cimene munthu wapyola naco usiku cili ndi mneni wake, pakuti m'caka ca njala anthu amati tagonera maungu.

Pa za moyo wathunthu, pamene Cilatini cimati vitam degere, Cinyanja cili ndi njira ina yocenjera. Cimatenga mneni wamba ndi kumuonjeza "ira" kapena "era" kumapeto, ndipo pomwepo malo amalowa m'nkhani. Munthu anabadwira ku Sinda, anakulira ku Kabwata, anagwirira nchito ku Migodi, anakalambira ku Chelstone, nafera kwao. Mbiri yonse ya munthu yatha m'mau asanu, ndipo palibe ngakhale amodzi amene asiya funso lakuti "kuti?" losayankhidwa. M'cimeneci Cinyanja ndi Cilatini zigwirizana: zonse ziwiri sizikonda kunena za nthawi popanda kunena za malo.

Cingelezi cinatsata njira ina. Mau ake odziwika ponena za kutha nthawi ndi spend, amene amanenedwanso pa ndalama. Naonso anacokera ku Cilatini, ku expendere, ndiko kuyeza ndalama pasikelo polipira. Mngelezi amaona tsiku ngati ndalama yoturuka m'thumba. Palibe colakwa pamenepo, koma mau amodziwo amaphimba usana ndi usiku, kugona tulo ndi kukhala maso, ndipo womasulira wofulumira angataye zambiri pakati pa zilankhulo ziwirizi.

PAMENE MAU AMODZI ANGAGWETSE UMBONI

Apa ndipo nkhani ibwerera ku Lilayi, ndi ku tebulo la pa polisi pamene sitetimenti imalembedwa. Mboni imalankhula Cinyanja, koma pepala limalembedwa m'Cingelezi, pakuti ndico cilankhulo ca Boma ndi ca makhoti akuluakulu.

Nkhani yongoyerekeza ingathandize. Bambo wina wacoka ku Chadiza kudzakhuza maliro a mlamu wake ku Kabwata. Monga mwa mwambo, amai ali m'nyumba ndipo amuna ali panja pamoto. Pakati pa usiku bamboyo aona anthu awiri akuturutsa katundu pa windo la nyumba yoyandikana nayo. M'mawa afunsidwa kumene anali, ndipo iye ayankha monga ayankhira munthu aliyense wa kwao: "Ndinagona pa maliro." Wolemba akatenga mauwo monga momwe amvekera, adzalemba m'Cingelezi kuti munthuyo anali m'tulo. Patapita miyezi, m'khoti, loya wa oimbidwa mlandu adzanyamula pepalalo nafunsa kuti: "Bambo, mwa mau anu omwe munali m'tulo. Nanga akubawo munawaona m'maloto?" Anthu adzaseka, bamboyo adzasokonezeka, ndipo umboni woona udzaoneka ngati bodza. Komatu iye sananame. Kugona pa maliro sikutanthauza tulo. Akadanena kuti "ndinacezera pamoto", kapena wolembayo akadafunsa kuti "munagona tulo kapena munali maso?", dzenjelo likadakwiririka lisanagwetse munthu.

Kuswera nakonso kuli ndi msampha wake. Woimbidwa mlandu amene anena kuti "ndinaswera kumunda" wanena cinthu cacikulu, pakuti watanthauza kuti kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka sanacokeko. Ngati anangopitako m'mawa nabwerera dzuwa lisanafike paliwombo, mau oyenera ndi akuti "ndinalawira kumunda", ndipo mboni imodzi yomuona pamsika masana idzagwetsa alibi yake yonse cifukwa ca mneni mmodzi wosankhidwa mosasamala. Cinyanja ca m'tauni cimaonjeza vuto lina. Mnyamata wa ku Matero angayankhe kuti "nenze cabe ku nyumba", mau amene sanena ngati unali usana kapena usiku, ola limodzi kapena tsiku lonse. Ndiponso mu Lusaka mau akuti "mailo" amatanthauza dzulo ndi mawa lomwe, pamene Cinyanja ca kumudzi cimasiyanitsa dzana, dzulo, lero, mawa ndi mkuca. Wofufuza wabwino salola yankho lotere kupita papepala lisanafunsidwenso.

Anthu a kumudzi sayenda ndi koloko m'maganizo, ndipo nkosayenera kuwakakamiza kuchula "14 koloko" pamene iwo adziwa kuti linali dzuwa litapendeka. Mboni imene yakakamizidwa kuchula ola imangochula kuti ikondweretse wofunsayo, ndipo ola limenelo limadzaitsutsa m'khoti. M'bandakuca, dzuwa lili paliwombo, ng'ombe zikulowa m'khola, cisisira, tambala woyamba: izi ndi nthawi zoona, ndipo woweruza angazigwiritse nchito ngati zalembedwa monga zinanenedwera. Aroma a masiku a Cicero nao analibe mawochi a pamkono. Anali kugawa usana m'maola 12 kuyambira poturuka dzuwa kufikira polowa, kotero kuti ola la m'nyengo yotentha linali lalitali kuposa la m'nyengo yozizira, koma milandu inali kuweruzidwa ndithu. Zilembo a.m. ndi p.m. za pa makalata oitanira anthu ku misonkhano ndi zotsala zao: ante meridiem, dzuwa lisanafike pakati, ndi post meridiem, litapitirira pakati.

KUMENE MAUWA AKALI MOYO

Cilatini cinafika m'dziko lino ndi amishoni. Ansembe a White Fathers anafika kwa Amambwe m'caka ca 1891, ndipo a Jesuit anatsegula Chikuni m'caka ca 1905. Anyamata a Kum'mawa amene anafuna unsembe anali kupita ku seminale ya Kachebere, pamalire a Zambia ndi Malawi, imene inatsegulidwa m'caka ca 1939, ndipo kumeneko Cilatini cinali cakudya ca tsiku ndi tsiku. Misa inali kucitika m'Cilatini kufikira pamene msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican unalola zilankhulo za anthu m'caka ca 1963. Nkhalamba za ku Minga ndi ku Naviruli zikali kukumbukira mayankho amene zinaloweza pamtima zili ana. Lero ofuna unsembe amaphunzira ku Mpima pafupi ndi Kabwe ndi ku St Dominic's ku Woodlands mu Lusaka, ndipo malamulo a Mpingo wa Katolika amene amawerenga, olengezedwa m'caka ca 1983, analembedwa poyamba m'Cilatini. Seminale ya ku Mpima ili ndi dzina la Augustine, episkopi wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, mwana winanso wa mu Africa amene analemba Cilatini cimene Azungu akhala akuphunzira kwa zaka zoposa 1,500. M'makalata a Mpingo mau akuti degentes amapezeka ponena za anthu okhala m'dera lakutilakuti.

M'kamwa mwa anthu wamba degere anazimirira pamene Cilatini cinasanduka Citaliyana, Cifalansa, Cisipanishi ndi Cipwitikizi. Mau ena a Aroma anayenda ulendo wautali nafika mpaka kuno kudzera mwa Apwitikizi a ku Tete: kalata inacokera ku charta, ndipo vinyo ku vinum. Degere sanayende nao ulendowo. Koma ku Italy, kwao kwa amisiri amene anamanga damu la Kariba m'zaka za 1955 mpaka 1959, mauwa anatsala pamalo amodzi. Wodwala amene wagonekedwa m'cipatala amachedwa degente, ndipo masiku amene akhala pabedipo amachedwa degenza. Aliyense amene anadikirirapo mbale wake ku cipatala cacikulu ca UTH, kuwerenga masiku ndi kudikira ola lolowera m'wodi, adziwa cifukwa cake mau a mbusa wokusa ng'ombe anakathera pa bedi la wodwala. Pamenepo tsiku silipita lokha, limacita kukankhidwa.

Kwa munthu wa kumudzi amene tsiku lina adzaitanidwa kukapereka umboni m'tauni, pali zinthu zimene ayenera kuzidziwa asanakwere basi. Sitetimenti ikalembedwa, apemphe kuti imuwerengedwe ndi kumasuliridwa m'cilankhulo cake asanasaine kapena kudinda cala. Pamene pepala linena za usiku, afunse ngati lalemba kuti anali m'tulo kapena anali maso. Pamene linena za usana, afunse ngati lalemba tsiku lonse kapena m'mawa mokha. Akapeza kuti mau asinthika, anene pomwepo kuti akonzedwe, cifukwa kukonza pa tebulo la polisi n'kwapafupi kuposa kukonza pamaso pa woweruza. Ndipo amene waimbidwa mlandu adziwe kuti Gawo 18 la malamulo aakulu a dziko la Zambia limampatsa womasulira ngati samva cilankhulo cimene cikulankhulidwa m'khoti, ndipo pa womasulirayo salipira ngakhale ngwee imodzi.